Kodi azungu asowa madzi othirira bwalo la gofu? Nkhani ya mabwalo a links

Funso la lero lachokera kwa bambo wina wa ku Lilongwe amene wayamba gofu chaka chathachi. Akuti: "Akochi, ndimaonera mpikisano wa The Open pa TV mu Julaye koma bwalo lake ndinadabwa nalo. Udzu wofiira ngati dambo la mu Okutobala, mtengo olo umodzi, maenje ngati akukumba zimbudzi, anthu avala majekete chonsecho akuti ndi nthawi yotentha kwawoko. Pomwe mpikisano wa Masters wa mu Epulo bwalo lake limachita kunyezimira. Olengeza amangoti links, links. Kodi links imeneyi ndi chani, ndipo kaseweredwe kake kamasiyana bwanji ndi kathu kuno? Nanga munthu atamanga bwalo m'mbali mwa nyanja ku Mangochi, ingakhale links?"

Achimwene, choyamba ndikutsimikizireni kuti anthu aja sanasowe ndalama ya madzi ayi kkkk. Udzu wofiira uja ndi umene amaufuna, moti woyang'anira bwalo la links akadzuka m'mawa nkupeza bwalo lake labiriwira ngati la ku Augusta ku America kumene kumachitikira Masters, mtima wake sukhala m'malo. Ine gofu ndinayamba ndili mnyamata wonyamula zikwama za mabwana, kenako ndinakhalako zaka zingapo ku Scotland, nde funso lanuli ndi lomwenso ndinadzifunsa tsiku loyamba nditaima pa tee (poyambira kumenya mpira) ya kabwalo kena ka m'mbali mwa nyanja ku Fife, maso uku ndi uku kusaka kuti fairway, njira ya udzu wometedwa yopita ku dzenje, ili pati. Sindinaione. Ndinangoona zitunda, tchire, ndi kamtengo kozika kopaka penti yoyera ndi yakuda pamwamba pa chulu, mnzanga nkundiuza kuti menya molunjika kamtengo ako, zinazo uziona ukafika.

Tiyambe ndi dzinalo. Links si dzina la mpikisano kapena la kampani, ndi mtundu wa malo. Mawuwa anachokera ku Chingerezi chakale kwambiri, mawu akuti hlinc, kutanthauza chitunda kapena malo okwera pang'ono. Ku Scotland ankagwiritsa ntchito mawuwa ponena za kachigawo ka mchenga kamene kali pakati pa nyanja yamchere ndi minda. Mchenga umenewu unasiyidwa ndi nyanja kalekale, mphepo nkumauunjika milumilu, kenako udzu nkumera pamwamba nkuugwira. Munthu sangalimepo chilichonse chaphindu, mchere wambiri, nthaka yosagwira madzi, nde anthu ankangodyetsapo nkhosa, kusakapo akalulu, amayi kuyanikapo zovala, asodzi maukonde. Malo opanda mwini weniweni, a aliyense. Ndi pamenepo anthu anayamba kumenya kampira ndi ndodo, ndipo pofika 1457 zinali zitafika poti nyumba ya malamulo ya mfumu James II inaletsa gofu ati anyamata akusiya kuphunzira mauta. Ndiye mukamaona bwalo lija musamaganize kuti wina anatenga bwalo la gofu nkuliwononga, zinayenda mosemphana, malowo ndi amene anabala gofu. Mabwalo a mitengo, maluwa ndi madamu ngati athu kuno, amene amatchedwa parkland, anabwera pambuyo pake anthu a m'matauni atayamba kufuna kusewera pafupi ndi kwawo.

Mitengo kulibe chifukwa mphepo ya mchere siilola, basi, palibe anaidula. Chimene chilipo ndi tchire laminga lotchedwa gorse, limachita maluwa achikasu okongola kwambiri cha mu Epulo ndi Meyi, koma mpira ukalowamo ingotulutsani wina m'chikwama, musayerekeze kulowetsamo mkono. Udzu wake ndi wa mitundu iwiri makamaka, fescue ndi bent, woonda ngati singano, mizu yake imapita pansi kwambiri ndipo umakonda njala. Ukauthirira kwambiri nkuuthira feteleza, umagonja kwa udzu wina wofewa wa masamba onenepa, bwalo nkukhala ngati matiresi, mpira sukuthamanganso. Chilimwe chikauma umafiira koma sunafe, uli mtulo chabe, monga mmene kapinga wa pakhomo panu amachitira mu Seputembala, mvula yoyamba ikangogwa wadzuka. Mu 2018 pa The Open ku Carnoustie ku Scotland ma fairway anauma mpaka kuoneka ngati msewu wafumbi, osewera ena amamenya mpira nkumapita mayadi opitirira 400 chifukwa chongogudubuzika. Eni bwalo anali osangalala.

Ubwino wina wa mchenga ndi woti mvula ingagwe usiku onse, m'mawa mukasewera nsapato zosadetsedwa ndi matope. Nchifukwa chake mabwalo a links amaseweredwa chaka chonse pomwe a kumtunda amatseka nthawi yozizira chifukwa cha chithaphwi.

Pamwamba pake si posalala. Fairway ya links ili ngati bulangete limene mwana wagonapo usiku onse, timapiri, timaenje, mwina mita imodzi mwina theka, ndipo pa TV simungazione bwino chifukwa kamera ili pamwamba imaphwatalitsa zonse. Mumamenya mpira wabwino pakati penipeni, mukafika mupeza uli potsetsereka, phazi lina m'mwamba lina pansi. Kapena wagunda mbali ya kachulu nkukhotera mu rough, udzu wautali wa m'mbali. Apa ndi pamene anthu ozolowera parkland amayamba kudandaula kuti bwaloli ndi lopanda chilungamo, tibwereranso pa mawu amenewa.

Tsopano ku nkhani yeniyeni, kaseweredwe. Pa bwalo lofewa la mitengo gofu ndi ya mumlengalenga. Mukudziwa kuti ndodo yanu ya 8 iron imapita mayadi 140, mbendera ili pa 140, mumakweza mpira m'mwamba, ukatera umaluma nkuima pomwepo. Masamu ophweka. Pa links masamu amenewo amakupusitsani, chifukwa funso silikhala loti mpira utere pati, limakhala loti ukatera uthamanga mpaka kuti. Green yake, pamene pali dzenje ndi mbendera, ndi yolimba ngati bwalo lopunthira mpunga, mukaugwetsa pa mbendera udumpha nkutuluka kuseri. Nde mumaugwetsa mayadi 20, 30, pena 40 musanafike pa green, nkuusiya ukwere wokha. Shoti imeneyi amaitcha bump and run, mumatenga 7 iron kapena 8 iron, mpira chakumbuyo pang'ono, manja kutsogolo, kumenya mwachidule, mpira uuluke pang'ono basi kwinako uyende pansi. Ndipo ambiri a ma green a links kutsogolo kwake ndi kotseguka dala, palibe dziwe lotchinga, kuti mpira ulowe choyenda.

Ine tsiku langa loyamba lija ndinali ndi wedge yanga ya madigiri 60, ndodo yokwezera mpira m'mwamba, imene ndinkanyadira nayo kwambiri. Udzu wa pa fairway ndi waufupi, pansi pali gwa, palibe kansalu kalikonse kokweza mpira, nde ndodo ikangofulumira kugunda pansi imadumpha nkumenya mpira pamimba, uwo ukuthamanga kudutsa green yonse. Ndinachita zimenezo katatu. Mdala wina amene tinkasewera naye, wa zaka zoposa 70, mpira wake sumakwera kupitirira denga la nyumba, amangotenga putter, ndodo yogubuduzira mpira pa green, ali mayadi 30 kunja kwa green nkugogoda, mpira nkumayenda ngati mbewa kukwera kutsika mpaka pafupi ndi mbendera. Anandidya ma hole asanu ine ndikumupitirira ndi mayadi 70 pa tee iliyonse. Pomaliza anangondifunsa kuti wedge ija unagula ndalama zingati kkkk.

Musaganize kuti ndi nzeru za madala okha. Mu 2006 ku Royal Liverpool, bwalo la ku Hoylake, kunali kouma zedi, Tiger Woods anagwiritsa ntchito driver, ndodo yomenyera patali kwambiri, kamodzi kokha pa ma hole onse 72. Kamodzi. Amangomenya ma iron otsika pa tee, mpira nkumathamanga wokha, kuimira dala asanafike pa ma bunker, maenje amchenga aja, anawina ali 18 pansi pa par, ndiye kuti anachepetsa ma shoti 18 pa chiwerengero choikidwa cha bwalolo. Munthu amene nthawi imeneyo anali m'gulu la omenya patali kwambiri padziko anasankha kusiya chida chake chachikulu m'chikwama. Anzake amamenya driver nkumakodwa.

Chachiwiri ndi mphepo, ndipo kunena zoona bwalo la links popanda mphepo ndi mkango wopanda mano. Akatswiri a masiku ano tsiku labata amalinyenyanyenya. Koma bata kumeneko silikhalitsa. Mu 2010 ku St Andrews, Rory McIlroy anamenya ma shoti 63 Lachinayi kuli zii, Lachisanu mphepo inadzuka anamenya 80. Munthu yemweyo, bwalo lomwelo, ndodo zomwezo, kusiyana kwa ma shoti 17. Mu 2002 ku Muirfield chimvula ndi chimphepo cha Loweruka zinamupeza Tiger ali pa bwalo, anamenya 81, mawa lake kutacha bwino 65. Mu 2015 ku St Andrews konko anaimitsa masewero pafupifupi tsiku lonse la Loweruka chifukwa mipira imayenda yokha pa green, mpikisano unathera Lolemba. Nchifukwa chakenso ma green a The Open samawameta kwambiri ngati a ku Masters, amakhala ochedwerapo, osati chifukwa alephera koma kuti akawafulumizitsa mpira suima mphepo ikamaomba.

Mmene mphepo imasinthira ndodo ndi zovuta kukhulupirira mpaka mutaziona. Hole ya mayadi 150 ine ndamenyapo ndi pitching wedge m'mawa mphepo ili kumsana, madzulo ake hole yomweyo 4 iron osafika. Cholakwika chimene aliyense amachita, inenso ndinachita, ndi kumenya mwamphamvu mphepo ikakhala kumaso. Mukamenya mwamphamvu mpira umazungulira kwambiri, ukazungulira umakwera, ukakwera mphepo imaugwira nkuuimika m'mwamba ngati kaiti, pena mumachita kuuona ukubwerera. Mankhwala ake ndi kutenga ndodo yaikulu, ziwiri kapena zitatu kuposa ya masiku onse, kugwira chakumunsi, nkumenya mofatsa ngati simukufuna. Ndipo slice yanu ija imene ku Lilongwe imangokhota mayadi 15 mtengo nkuibweza, kumeneko mphepo ya m'mbali imaitenga nkukaisiya ku gombe.

Pali chinanso chokhudza mphepo chimene TV siifotokoza bwino. Kachigawo ka links nthawi zambiri ndi kakatali koma kopapatiza, nde mabwalo akale anayalidwa mopita ndi mobwerera, ma hole 9 mukutalikira clubhouse motsata gombe, 9 enawo mukubwerera. Mawu aja mumawaona pa khadi, Out ndi In, anachokera pamenepa. Tanthauzo lake ndi loti mutha kusewera maola awiri mphepo ili kumsana mukudziona ngati katswiri, mukangotembenuka maola awiri ena ili kumaso. Ndipo tsiku latsoka imatembenuka nanu limodzi madzi a m'nyanja akamasintha, kumaso popita kumaso pobwera. Muirfield ndi yosiyana, anaiyala mizere iwiri yozungulira, 9 yoyamba kunja kutsata mmene wotchi imayendera, 9 yachiwiri mkati mobwerera, nde pafupifupi hole iliyonse mphepo imachokera mbali yatsopano. Osewera ambiri amati ndi bwalo lachilungamo kuposa onse a The Open, ine ndimati ndi lotopetsa mutu kuposa onse.

Maenje mwawatchula aja. Amatchedwa pot bunker. Nkhani imene imakambidwa ndi yoti poyambirira anali malo amene nkhosa zimabisala mphepo nkumafukula mpaka mchenga kuonekera, komanso malo otsika kumene mipira imasonkhana anthu nkumakumbapo ndi ndodo. Lero amawamanga ndi manja, khoma lake amasanja zidutswa za udzu ndi dothi lake chimodzi pamwamba pa chinzake ngati njerwa, nchifukwa chake mumaona mizeremizere ija, ndipo pakapita zaka zochepa amagumula nkumanganso. Kusiyana kwake ndi bunker ya parkland ndi uku, ya parkland ndi yotakata, yosaya, katswiri amatha kumenyamo 6 iron mpaka pa green, pena amachita kuifuna kusiyana ndi rough. Pot bunker ndi chindapusa, mwalowa mwataya shoti, nkhani yatha. Tulukani cham'mbali, pena cham'mbuyo kumene, osachita manyazi. Komanso ndi yaikulu kuposa mmene ikuonekera, pakamwa pake mwina mamita atatu okha koma nthaka yozungulira yonse inapendekera momwemo, mpira wodutsa mayadi 10 kumbali umangokhota wokha ngati waitanidwa.

Old Course ya ku St Andrews ili ndi ma bunker 112, ambiri ali ndi maina, ndipo ambiri simuwaona muli pa tee. Pali Hell pa hole 14 imene Jack Nicklaus anamenyamo kanayi mu 1995 nkulemba 10. Pali kakang'ono ka pa hole 17, Road Hole, kamene mu 1978 Tommy Nakajima wa ku Japan anafika pa green ndi ma shoti awiri bwinobwino, putt yake nkutsetserekera mu bunker, kanayi kuti atuluke, analemba 9, mpaka lero anthu amaitchula ndi dzina lake. Nde mukamva kuti mu 2000 Tiger anasewera masiku anayi pa bwalo limenelo osalowa mu bunker olo imodzi, nkuwina ali 19 pansi pa par, mudziwe kuti chinamuwinitsa ndi chimenecho.

Hole 17 yo ndiyofunika kuiona payokha. Pa tee mumamenya mpira kudutsa pamwamba pa ngodya ya malo a hotela, fairway osaiona. Green ndi yopyapyala, yopingasa, kumanzere kuli ka bunker kaja, kuseri kuli msewu weniweni wa tala ndi khoma lamiyala, ndipo mpira ukakhala pa msewu mumenya pomwepo, palibe zonyamula. Munthu atajambula hole yotere lero angamuchotse ntchito. Bwalo lonselo ndi lodabwitsa choncho, ma green 7 ndi ogawana ma hole awiri awiri, ndipo manambala ake mukawaphatikiza amakwana 18, hole 2 ndi 16, 3 ndi 15, choncho mpaka 8 ndi 10. Ndi 1, 9, 17 ndi 18 okha ali ndi green yawoyawo. Ena mwa ma green amenewa ndi aakulu moti mutha kukhala ndi putt ya mayadi 40 kapena kupitirira, ndipo alendo ena amalunjika mbendera yolakwika, nchifukwa chake mbendera za popita ndi za pobwera zimasiyana mtundu. Ngakhale nambala ya 18 imene tonse timaitenga ngati lamulo inachokera pomwepa, kale anali ma hole 22, mu 1764 anaphatikiza ena oyambirira poona kuti ndi aafupi kwambiri.

Ndipo kutalika si kumene kumapangitsa hole kukhala yovuta. Ku Royal Troon hole 8, imene amaitcha Postage Stamp chifukwa green yake ndi yaing'ono ngati sitampa, ndi ya mayadi 123 okha. Inu ndi ine titha kufika ndi 9 iron. Koma tee ili pamwamba poyera, mphepo ikuchokera kunyanja, green yazunguliridwa ndi maenje akuya, ina amaitcha Coffin, bokosi la maliro. Akatswiri alembapo 6, 7 ndi kupitirira pamenepo.

Tibwerere ku mawu aja oti chilungamo. Mu 2009 ku Turnberry, Tom Watson ali ndi zaka 59, atawina kale The Open kasanu, anafika pa hole yomaliza akufunika par kuti awine. Anamenya 8 iron yabwino kwambiri, yolunjika mbendera, mpira unatera pamalo olimba nkuthamanga kutuluka kuseri kwa green. Analemba bogey, kupitirira par ndi shoti imodzi, nkugonja kwa Stewart Cink pa ma hole owonjezera. Ine ndinakhumudwa sabata yathunthu. Koma taganizani mbali inayi, ndi bwalo liti la parkland la mpikisano waukulu limene munthu wa zaka 59 angalimbane ndi anyamata a zaka 25 masiku anayi mpaka hole yomaliza? Nthaka yolimba yomweyo imene inamulanda chikho ndi imene inamufikitsa pamenepo, chifukwa mpira wothamanga pansi sufunsa zaka, umafuna munthu wodziwa pougwetsa. Kwa ine zimenezo ndi chilungamo chokwanira. Mudzadumphiridwa moipa kanayi pa raundi, mudzadumphiridwanso mwamwayi kanayi, vuto ndi loti zamwayizo timaziiwala msanga.

Za Jean van de Velde wa ku France mwina munazionapo pa YouTube, munthu atapinda buluku ali m'madzi. Zinali ku Carnoustie mu 1999, anafika pa hole 18 akutsogola ndi ma shoti atatu, 6 ikanamukwanira. Mpira wachiwiri unagunda pokhala anthu oonerera nkubwerera mu rough yakuya, wachitatu mu kamtsinje kotchedwa Barry Burn, anavula nsapato kufuna kumenyera m'madzi momwemo kenako anasintha maganizo, mapeto ake 7, chikho chinapita kwa Paul Lawrie amene tsikulo anayamba ali kumbuyo ndi ma shoti 10. Timitsinje timeneti amatitcha burn, ndi topapatiza, tokhotakhota, simutiona muli patali, ndi madzi okhawo amene mungawapeze mkati mwa mabwalo ambiri a links.

Chinthu chimodzi chimene chimandisangalatsa ndi choti anthu a kuno kummwera kwa Africa akhala akuchita bwino kwambiri pa mabwalo amenewa. Bobby Locke wa ku South Africa anawina The Open kanayi pakati pa 1949 ndi 1957, Gary Player katatu, mu 1959, 1968 ndi 1974, Nick Price wa ku Zimbabwe mu 1994 ku Turnberry, Ernie Els mu 2002 ndi 2012, Louis Oosthuizen mu 2010 ku St Andrews ndi ma shoti 7. Maganizo anga, ndipo awa ndi anga chabe, ndi oti munthu wokulira kumene mvula imasiya miyezi isanu ndi umodzi amaphunzira msanga kuti mpira umayendanso pansi. Inuyo mukamasewera mu Okutobala fairway itauma gwa, driver ikupita mayadi 40 owonjezera, mukugwetsa mpira patsogolo pa green kuti udumphire, mukusewera kale theka la gofu ya links osadziwa. Chimene mukusowa ndi mphepo ndi maenje aja.

Tsopano za ku Mangochi. Mchenga tili nawo, ku Mangochi, ku Senga Bay, ku Chintheche. Mphepo tili nayo, aliyense amene anakhalapo kunyanja mwera ukuomba mu Juni kapena Julaye akudziwa. Koma anthu osunga mwambo angakukanireni, ati links iyenera kukhala pa mchenga umene nyanja yamchere inasiya, ndipo ena amene anawerenga mosamala anapeza kuti mabwalo a links enieni padziko lonse ndi pafupifupi 250 okha mwa mabwalo oposa 30,000, ambiri mwa iwo ali ku Scotland, Ireland ndi England. Ine za mcherezo sindilimbana nazo kwambiri, vuto lenileni ndi udzu. Fescue imafuna kozizira, kutentha kwa ku Mangochi singapirire. Mungadzale kapinga kapena kikuyu, ndipo kikuyu makamaka ndi mdani wa bump and run, imagwira mpira ngati ulimbo, mukaugwetsa patsogolo pa green umaima pomwepo. Kapinga wometedwa bwino pa mchenga, osathirira kwambiri, angakupatseni chinthu choyandikira, bwalo lokoma ndithu lothamanga, koma ndingalitche bwalo la m'mbali mwa nyanja basi. Kukhala pafupi ndi madzi pakokha sikupanga links. Pebble Beach ya ku California ili ndi mawu oti Golf Links m'dzina lake, ili pamwamba penipeni pa nyanja, koma ili pa matanthwe osati pa milu ya mchenga, nde si links. Pomwe Royal Lytham kumene Els anawina mu 2012 yazunguliridwa ndi nyumba ndi njanji, nyanja simuiona nkomwe, koma ndi links yeniyeni chifukwa cha nthaka yake. Yapafupi ndi ife imene anthu ambiri amavomereza ndi Humewood ku Gqeberha, mzinda umene kale unkatchedwa Port Elizabeth, ndipo mphepo ya kumeneko si yocheza nayo.

Ngati mukufuna kulawako musanakwere ndege, chilimwe chikubwerachi tsiku lina siyani ma wedge onse m'galimoto. Chilichonse cha mkati mwa mayadi 60 mumenye ndi 8 iron kapena putter. Raundi yoyamba mutukwana, yachitatu muyamba kuona timapiri ndi totsetsereka patsogolo pa green timene mwakhala mukudutsa chaka chonse osationa. Phunziraninso kumenya 5 iron yopita mayadi 120 okha, motsika.

Ndipo mwayi ukadzapezeka wopita ku Scotland, musathamangire mabwalo a maina okhaokha, ndi odula kwambiri. Timabwalo ta m'midzi ya m'mbali mwa nyanja ndi totsika mtengo ndipo pena ndi tokoma kuposa. Ku Brora kumpoto anthu akhala akusewera pakati pa nkhosa ndi ng'ombe kwa zaka zambirimbiri, ma green atatchingidwa ndi waya wamagetsi. Tengani jekete ya mvula ndi chipewa chaubweya olo ikhale Julaye, ambulera isiyeni, mphepo idzaithyola pa hole yachiwiri. Old Course yeniyeniyo ndi ya anthu onse, si kalabu yotsekedwa, pamafunika handicap (nambala yoonetsa luso la wosewera) yosapitirira 36 ndipo pali maere amene amachitika masiku awiri tsiku losewera lisanafike. Koma musadzakonze zosewera Lamulungu, tsiku limenelo bwalo limapuma, kupatula pakakhala mpikisano waukulu, anthu a mtauni amangoyendamo ndi ana ndi agalu awo, ena kujambulitsa pa kamlatho kamiyala ka Swilcan pa hole 18. Ine ndinapita Lamulungu ulendo woyamba, chikwama kumsana, osadziwa.